Fumbi ndi Mafuta: Kupenya Zithunzi za Nkhope ndi za Malo

Munthu akaima patsogolo pa chithunzi chojambulidwa pamanja, funso loyamba kumufika pakamwa limakhala lakuti, kodi chafanana? Ikakhala nkhope amafuna aone ngati mphuno ili pamalo pake, likakhala phiri amafuna alizindikire. Funsoli si lachibwana. Kwa zaka mazana ambiri wojambula ankadyera kufananitsa komweko, ndipo wosatha kufananitsa ankagona ndi njala. Koma chiyambire 1839, pamene ku Paris analengeza njira yojambulira ndi kamera, kufanana kwatsika mtengo, moti lero foni ya m'thumba imafananitsa kuposa katswiri aliyense amene anagwirapo burashi. Chikhalirecho anthu sanaleke kundanda pamizere kuti akaone nsalu zopakidwa utoto zaka mazana atatu kapena asanu zapitazo. Chimene amakaona ndi zosankha za wojambula: chimene anaikapo, chimene anasiya dala, pamene anafatsa ndi pamene anathamanga. Zosankhazo zimamveka bwino tikadziwa chimene chinali m'manja mwake, pakuti utoto wamafuta uli ndi zake zimene umalola ndi zimene umakana, nayonso pastel ili ndi zake.

Mu 1650 Diego Velázquez, wojambula wa mfumu Philip IV ya ku Spain, anali ku Roma kumene ankayembekezera kujambula Papa Innocent X. Asanakumane ndi Papayo, anayamba wajambula Juan de Pareja, munthu wa khungu loderapo wobadwira ku Antequera, yemwe ankamuperera utoto ndi kumukonzera nsalu zojambulapo. Pareja anali kapolo wake. Chithunzicho lero chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Mitundu yake ndi yowerengeka: wotuwa, wakhofi, wakuda, ndi woyera wa kolala. Munthuyo waima chammbali, mkono wamanja wagona pamimba, mutu wautukula pang'ono moti maso ake amakupeza ngati akuchokera pamwamba. Umu ndi mmene ankaimira akazembe ndi akuluakulu a nkhondo akamajambulidwa. Koma pachigongono malaya ake ndi obooka, ndipo Velázquez sanabise chibowocho. Kumuimika kapolo ngati kazembe, kenaka n'kusiya chibowo chionekere, ndi zosankha ziwiri zokokana, ndipo mphamvu ya chithunzichi yagona pa kukokanako. M'mwezi wa March chaka chomwecho chithunzicho chinaonetsedwa ku Pantheon n'kutamandidwa kwambiri. Mu November Velázquez anasaina chikalata chomasula Pareja, koma anaikamo mfundo yoti amutumikirebe zaka zina zinayi. Pareja anadzakhala wojambula payekha. M'chithunzi chake cha 1661 chosonyeza kuitanidwa kwa Mateyu, chomwe chili ku Prado mumzinda wa Madrid, anadzijambula yekha kumapeto chakumanzere, atagwira kapepala kolembedwa dzina lake.

Ukachiyandikira kwambiri chithunzi cha Velázquez, kolala ija imabalalika n'kusanduka mikwasa yoyera yoponyedwa mwachangu, ndipo khutu limangokhala kadontho kofiirira. Ukabwerera m'mbuyo mapazi atatu, zonse zimagwirana, kolala n'kukhala nsalu yopetedwa bwino m'mphepete. Wojambulayo ankadziwa pamene woonera adzaime, ndipo ntchito yotsalayo anaisiyira diso la woonerayo. Choncho chizolowezi choyamba choyenera kukhala nacho ndi cha miyendo: yandikira, bwerera, yandikiranso.

Utoto wosachedwa kukongola, wochedwa kuuma

Utoto wamafuta ndi ufa wa mtundu woperedwa pamodzi ndi mafuta, kawirikawiri a njere za fulakesi. Ufawo kale unkachokera kulikonse. Wachikasu, wofiira ndi wakhofi ankaukumba m'dothi, ndipo dothi lofiira la mtundu womwewo ndi limene linapakidwa m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza. Woyera ankaupanga kuchokera ku mtovu, wakuda ku mafupa ootcha. Buluu wabwino koposa ankachokera ku mwala wotchedwa lapis lazuli wokumbidwa ku Badakhshan m'dziko la Afghanistan, ndipo ankadula moti olemba ntchito ena ankachita kulemba m'pangano kuchuluka kwa buluu woti agwiritsidwe ntchito. N'chifukwa chake m'zithunzi zakale za kutchalitchi chovala cha Maria chimakhala chabuluu: mtundu wodulawo ankasungira munthu wolemekezeka. Buluu wopangidwa m'fakitale wofanana naye anapezeka ku France cha m'ma 1820.

Mafutawa sauma ngati madzi. Amakoka mpweya n'kumalimba pang'onopang'ono, masiku angapo kuti akhudzike, miyezi kuti alimbe mpaka mkati. Ojambula a ku Italy asanawazolowere ankasakaniza ufa wawo ndi chachikasu cha m'dzira, chomwe chimauma m'mphindi zochepa, moti mthunzi wa patsaya ankachita kuumanga ndi timizere tambirimbiri. Mafuta anabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba, mitundu iwiri ikadali yaiwisi imatha kulowererana mpaka malire osaoneka, ndipo apa m'pamene pagona chinsinsi cha milomo ya Mona Lisa: Leonardo da Vinci anafafaniza ngodya za pakamwa ndi za maso, mwakuti sungaloze pamene kumwetulira kwayambira. Chachiwiri, utoto ukasungunulidwa ndi mafuta ambiri umaonekera mkati, ndipo wojambula amatha kuyala wina pamwamba pa wina wouma, kasanu kapena kakhumi. Kuwala kumadutsa m'mipanda yonseyo, kukagunda poyera pa pansi n'kubwerera kudiso kutanyamula mtundu uliwonse umene kwadutsamo. N'chimodzimodzi mwala wa pansi pa madzi oyera a kunyanja, umene umawala kuposa mnzake wouma wa pamchenga.

Amene anafikitsa luso limeneli pachimake ndi Jan van Eyck wa ku Bruges. Giorgio Vasari analemba mu 1550 kuti iyeyu ndiye anatulukira utoto wamafuta, koma si zoona. Anthu ankaudziwa kale ku Ulaya, ndipo akatswiri anaupezanso m'zipupa za mapanga a ku Bamiyan, zojambulidwa zaka mazana ambiri van Eyck asanabadwe. Chimene iye anachita ndi kuonetsa pamene utotowu ungafike. Chithunzi chake cha 1434 cha wamalonda Arnolfini ndi mkazi, chomwe chili ku National Gallery ku London, ndi thabwa la masentimita 82 kutalika ndi 60 mulifupi. Pakhoma kumbuyo kwa anthu awiriwo pali kagalasi kozungulira kosafika ndi pachikhatho pomwe, koma mkati mwake muli chipinda chonse, misana ya awiriwo, ndi anthu ena awiri ataima pakhomo.

Rembrandt, patapita zaka mazana awiri, anatenga utoto womwewo n'kuutembenuza. Iye anadzijambula yekha kambirimbiri, kuyambira ali mnyamata wa ku Leiden mpaka 1669, chaka chimene anamwalira. Pakati pake analemera, anaika maliro a mkazi wake Saskia, ndipo mu 1656 ngongole zinamugwetsa mpaka nyumba ndi katundu zinagulitsidwa. M'chithunzi chake cha 1659, chomwe chili ku Washington, utoto wa pamphumi ndi pamphuno ndi wochindikala, wokhala ndi mabampu amene amagwira kuwala kwenikweni kwa m'chipinda. Tsitsi lina analilemba pokanda utoto wauwisi ndi chigwiriro cha burashi. Zovala ndi manja anangozidutsa. Apa pali phunziro la nkhope iliyonse yojambulidwa: funa pamene utoto wachuluka ndi pamene kuwala kwatera, chifukwa pamenepo m'pamene wojambula anataya nthawi yake, ndipo m'pamene akufuna uyambire.

Choko cha mafumu

Pastel ndi ufa womwe uja wa mtundu, koma wopanda mafuta. Amausakaniza ndi utomoni pang'ono wongokwanira kuti ugwirane, nthawi zina ndi choko kuti mtundu uwale, kenaka n'kuuumba timitengo ngati zala. Isasokonezedwe ndi chekeni cha ana asukulu, chomwe ndi phula, kapena ndi pastel yamafuta, imene inayamba ku Japan cha m'ma 1920 ndipo kampani ya Sennelier ku Paris inadzapangira Picasso mu 1949. Pastel yeniyeni ndi youma. Ikakhudza pepala lokhakhala imasiya fumbi limene limangokodwa m'timaenje ta pepalalo. Palibe chodikira kuti chiume. Palibenso kusakaniza mitundu pambale, choncho wojambula amakhala ndi timitengo mazanamazana, wofiira yekha wa mitundu makumi angapo, ndipo kusakaniza kumachitikira papepala pomwepo, ndi chala kapena poyala mizere ina pamwamba pa inzake. Kuwala sikulowa mkati monga kumachitira ndi mafuta. Kumagunda timibulu ta fumbilo n'kumwazikira mbali zonse, ndipo chithunzi chimaoneka chofewa, chosanyezimira, chowala kuchokera pamwamba.

Mayi wina wa ku Venice, Rosalba Carriera, ndiye anaitchukitsa. Anabadwa mu 1673, ndipo anayamba ndi kujambula tinkhope pa zivundikiro za minyanga ya njovu za tizikutu ta fodya wofwenkha. Alendo olemera obwera kudzaona Venice analibe nthawi yokhala pampando masabata angapo kudikira utoto uume, ndipo chithunzi cha pastel chinkatha msanga, n'kunyamulidwa m'galasi. Mu 1720 Carriera anapita ku Paris, anajambula mfumu Louis XV ikadali kamnyamata, ndipo analandiridwa m'bungwe lachifumu la ojambula. Augustus III wa ku Saxony anasonkhanitsa zithunzi zake zoposa 150 ku Dresden. Anamwalira mu 1757 ali wakhungu.

Pastel inagwirizana ndi nthawi yake mwanjira yoseketsa. Anthu apamwamba a m'zaka za m'ma 1700 ankadzola ufa kumaso ndi kuwaza ufa m'mawigi awo, ndiye wojambula ankajambula ufa pogwiritsa ntchito ufa. Maurice-Quentin de La Tour anafuna kuonetsa kuti fumbi lingapikisane ndi mafuta ngakhale pa kukula, ndipo mu 1755 anaonetsa chithunzi cha Madame de Pompadour, chibwenzi cha mfumu Louis XV, chotalika kuposa mita ndi theka, cha mapepala angapo olumikiza, nkhope ili papepala lakelake. Mayiyo wagwira pepala la nyimbo, ndipo patebulo pali mabuku a Voltaire ndi Montesquieu ndi gawo lina la Encyclopédie, buku limene akuluakulu a tchalitchi ankadana nalo. Mabukuwo sanaikidwepo mwangozi. Chithunzi cha munthu wolipira chimanena zimene iye akufuna dziko limve za iye, ndipo katundu womuzungulira amayankhula mokweza kuposa nkhope.

Ine ndimaona kuti zambiri mwa zithunzi za pastel za nthawi imeneyo n'zotsekemera mopitirira. Masaya onse ndi osalala, palibe wokalamba, palibe amene nthomba inamusiyira zipsera, m'zaka zimene nthomba inali paliponse. Fumbi limafafanizika mosavuta ndi chala, ndipo chala chimakonda kunyengerera. Amene anaonetsa kuti vuto silinali la pastel ndi Jean-Siméon Chardin. Moyo wake wonse ankajambula miphika, zipatso ndi antchito a m'khitchini ndi utoto wamafuta. Maso atayamba kufooka, ali ndi zaka zopitirira 70, anatenga pastel, ndipo mu 1771 anadzijambula atavala mandala otsetserekera pamphuno, mutu atakulunga mpango. Sanasalaze kanthu. Patsaya pali mizere yabuluu, yofiira ndi yachikasu yogonerana poyera, imene imasanduka khungu la nkhalamba ukabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Edgar Degas anadzapitiriza njira imeneyi zaka zana pambuyo pake, akuyala mizere yokhakhala, kuipopera mankhwala oigwiritsa, n'kuyalanso ina pamwamba.

Malo, mpweya ndi nyengo

Zithunzi za malo zinayamba monyozeka. Bungwe la ojambula la ku France m'zaka za m'ma 1660 linasanja mitundu ya zithunzi motsata ulemu wake: pamwamba nkhani za m'Baibulo ndi mbiri yakale, kenaka nkhope za anthu, ndipo malo anali kumunsi, pafupi ndi zipatso ndi maluwa. Mitengo ndi mapiri zinkayesedwa zongodzazira kumbuyo kwa munthu.

Vuto la wojambula malo ndi lakuti nsalu ndi yafulati pamene dziko limapita kutali. Kuchepetsa zinthu zakutali n'kosakwanira. Chimene chimatsegula mtunda ndi mpweya. Aliyense amene anaonapo phiri la Mulanje ali ku Thyolo amadziwa kuti limaoneka labuluu, pamene ukafika patsinde pake ndi la miyala yotuwa ndi mitengo yobiriwira, ndipo mu October, utsi wa tchire ukadzaza m'mwamba, limatsala pang'ono kusungunukira m'thambo. Mpweya wa pakati pa diso ndi chinthu umachepetsa mphamvu ya mtundu, umafewetsa m'mphepete, n'kukokera zonse ku buluu. Leonardo analemba za zimenezi, ndipo mapiri a kumbuyo kwa Mona Lisa amatsata lamulo lomweli. Claude Lorrain, yemwe ankagwira ntchito ku Roma m'zaka za m'ma 1600, analisandutsa dongosolo: mitengo yakuda pafupi, chigwa chowala pakati, chizimezime chabuluu kutali. Poyang'ana chithunzi cha malo, funa kaye pamene thambo lakumana ndi nthaka. Mzere umenewo ukakhala m'munsi, nkhani ndi ya mitambo. Ukakhala m'mwamba, nkhani ndi ya nthaka. Kenaka funa kumene dzuwa lili, ndi njira imene diso lapatsidwa yolowera, kaya ndi mtsinje, msewu kapena mpanda.

John Constable anali mwana wa mwini chigayo cha madzi ku Suffolk, ndipo pafupifupi moyo wake wonse anajambula dera lomwelo la mtsinje wa Stour. Mu 1821 ndi 1822 ankakwera ku Hampstead kukajambula mitambo yokha ndi utoto wamafuta papepala, n'kulemba kuseri tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera. Chithunzi chake chotchuka cha The Hay Wain, cha ngolo itaima m'madzi osaya pafupi ndi kanyumba, anachijambulira m'nyumba ku London kuchokera ku zoyeserera zimene anajambula kale panja. Mu 1821 ku London sichinapeze wogula. Ku Paris mu 1824 chinalandira mendulo yagolide. Chinadabwitsa anthu ndi kubiriwira kwake, popeza ojambula ankazolowera kupaka mitengo mtundu wakhofi, komanso timadontho toyera timene anawaza pamadzi ndi pamasamba kuti ziwoneke zonyowa.

Koma chithunzi cha malo nachonso chimasankha chonena. Mu 1822 antchito a m'minda ya ku Suffolk ndi Norfolk anachita zipolowe n'kuphwanya makina opunthira tirigu chifukwa cha njala ndi kusowa ntchito. Kwa Constable antchito omweta udzu ndi timadontho takutali m'munda wamtendere. Sananame, koma anaimika woonera pamalo pamene mwana wa mwini chigayo akanaima. Funso lomweli ndi loyenera kulifunsa pa zithunzi za kwathu kuno zojambulidwa ndi alendo. Thomas Baines anabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi mu 1858 ngati wojambula komanso wosunga katundu, ndipo anajambula Tete ndi madera ozungulira asanachotsedwe ntchito mu 1859 pomuganizira kuti ankasowetsa katundu, mlandu umene iye anaukana mpaka imfa. Mu 1862 anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi James Chapman. Zithunzi zake n'zamtengo wapatali kwa ofufuza mbiri, chifukwa ankajambula mabwato, nyumba ndi zomera mosamala. Koma ankajambulira anthu a ku London, ndipo nthawi zambiri eni dziko amaoneka ang'onoang'ono m'mphepete, akupalasa kapena kusenza, pamene dzikolo latambasuka ngati lopanda mwini.

Kunja kwenikweni, pansi pa dzuwa, pastel ndiyo inali ndi mwayi poyamba, chifukwa mtambo sudikira utoto kuti uume. Eugène Boudin wa ku Honfleur anajambula thambo la m'mphepete mwa nyanja ku Normandy kambirimbiri ndi pastel, ndipo ndi iye amene anakokera panja mnyamata wina wa ku Le Havre wojambula zithunzi zoseketsa, Claude Monet. Utoto wamafuta unali wovuta kuyenda nawo, popeza ankausunga m'zikhodzodzo za nkhumba zimene ankaziboola ndi msomali, ndipo wotsala unkauma. Mu 1841 John Goffe Rand, wa ku America wokhala ku London, analembetsa chubu chachitsulo chofinya. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kunyamula mitundu yake m'kabokosi n'kukwera sitima. Monet anafika poti mu 1890 ndi 1891 anajambula milu ya tirigu ya pafupi ndi nyumba yake ku Giverny maulendo oposa 20, akusintha nsalu kuwala kukasintha: m'mawa, madzulo, m'chisanu, m'chifunga. Mithunzi yake ndi yabuluu ndi yapepo, osati yakuda. Anthu ambiri amaganiza kuti mthunzi ndi wakuda mpaka atauyang'anitsitsa pakhoma loyera dzuwa likamalowa.

Chimene tikuona lero si nthawi zonse chimene wojambula anasiya. Vanishi wopakidwa pamwamba pa utoto wamafuta amachita chikasu ndi zaka, mwakuti zithunzi zambiri zimene anthu ankazitamanda chifukwa cha mdima wake wagolide zinatuluka zowala zitatsukidwa. Utoto umang'aluka timing'alu, makamaka ngati wojambula anayala wouma msanga pamwamba pa wochedwa kuuma. Umayambanso kuonekera mkati ukamakalamba, ndipo mkono kapena chipewa chimene wojambula anachifuta chimatulukira ngati mzukwa. Pastel ilibe mafuta ochita chikasu, choncho mtsikana wonyamula chokoleti amene Jean-Étienne Liotard anajambula cha m'ma 1744, yemwe alinso ku Dresden, akuoneka ngati wa dzulo. Adani ake ndi ena: chala, chinyezi chimene chimabala nkhungu, dzuwa limene limafwifwitsa pepala, ndi kugwedezeka, pakuti kugunda kulikonse kumagwetsa fumbi pang'ono. N'chifukwa chake imakhala m'galasi losakhudza pepala, m'chipinda chamdima pang'ono, ndipo eni ake sakonda kuibwereketsa.

Ambiri a ife zithunzi zimenezi tidzaziona pafoni kapena pakompyuta, ndipo galasi la foni limabisa zinthu ziwiri zomwe nkhaniyi yakhala ikukamba: kukula ndi khungu la utoto. Pafoni, The Hay Wain, yomwe ndi pafupifupi mamita awiri mulifupi, imafanana kukula ndi thabwa laling'ono la van Eyck, ndipo fumbi la Chardin limanyezimira ngati mafuta a Rembrandt. Choncho werengani kaye mizere ya pansi pa chithunzi, pamene amalemba chaka, miyeso ndi chimene anajambulira, n'kuyeza miyesoyo pakhoma la m'nyumba mwanu. National Gallery, Metropolitan ndi Rijksmuseum ya ku Amsterdam anaika zithunzi zawo pa intaneti mwaulere, ndipo zambiri zimakulitsika mpaka kuonetsa ulusi wa nsalu ndi njira za tsitsi la burashi.